Ukochi wa mpira wa atsikana pa koleji ku America: ntchito yake ndi yotani, ndipo munthu amalowa bwanji?

Funso: Ndine mayi, mphunzitsi pa sekondale ina ku Zomba, ndipo ndinenso kochi wa timu ya mpira ya atsikana ya pasukulupo. Chiyambireni kuonera Temwa Chawinga mu ligi ya ku America, ndimamva olengeza mpira akunena kuti uyu anasewera ku North Carolina, uyu ku Stanford, uyu ku UCLA. Zikuoneka kuti kumeneko makoleji ndiwo amatulutsa osewera. Kodi makochi a matimu amenewa ndi aphunzitsi a m'kalasi ngati ine, kapena ndi ntchito yapayokha? Amayamba bwanji, ndipo munthu wa kuno angalowemo?

Yankho: Madamu, ndi ntchito yapayokha. Pa mayunivesite akuluakulu, kochi wa timu ya atsikana sagwira choko ngakhale tsiku limodzi. Ali ndi ofesi yake, omuthandiza awiri kapena atatu, bajeti ya maulendo, ndi bwana wake amene ndi mkulu wa zamasewero pa yunivesitepo. Koma ndineneretu chimene ambiri sachiyembekezera. Gawo lalikulu la ntchitoyi si kuima m'mbali mwa bwalo n'kumakuwa kuti "bwerera, tchinga!" ayi. Ndi kusaka atsikana a zaka 16 ndi 17, kuwanyengerera iwo pamodzi ndi makolo awo kuti asankhe sukulu yanu, kenako kuwasunga kuti asathawire kwina. Mpikisano weniweni umangotenga miyezi inayi pa chaka.

Kuti makoleji akhale ndiwo osula osewera, zinayambira pa lamulo la mu 1972 lotchedwa Title IX. Lamuloli limaletsa sukulu iliyonse yolandira ndalama za boma kusala munthu chifukwa choti ndi wamkazi kapena wamwamuna. Silitchula mpira, koma pa bwalo la zamasewero ndi pomwe linaluma kwambiri. Yunivesite yothira ndalama zankhaninkhani mu mpira wa chi America uja wovala zipewa zolimba, womwe timu imodzi imatha kukhala ndi anyamata oposa 100, inayenera kupezeranso atsikana malo ndi masikolashipu. Mpira wamiyendo unali njira yapafupi, chifukwa timu imodzi imatenga atsikana pafupifupi 30 ndipo zida zake si zodula. M'zaka za m'ma 1980 ndi 1990 matimu anaphuka ngati bowa, ndipo timu iliyonse inkafuna kochi. Lero bungwe la NCAA, lomwe limayendetsa masewero a makoleji ambiri, lili ndi magawo atatu, ndipo gawo lapamwamba lokha, Division I, lili ndi matimu a atsikana oposa 300. Ku Division III, komwe kulibe masikolashipu a zamasewero, ndi kumene mungapeze kochi wofananako ndi inu, amene amaphunzitsanso phunziro la zolimbitsa thupi kapena kugwira ntchito ina pasukulupo. Palinso bungwe la NAIA la makoleji ang'onoang'ono, ndi makoleji a zaka ziwiri.

Popeza mwatchula North Carolina, ndikufotokozereni za munthu amene anachititsa kuti dzinalo lizimveka, Anson Dorrance. Anabadwa mu 1951 ku Bombay, m'dziko la India. Bambo ake ankagwira ntchito ku kampani ya mafuta, choncho mwanayo anakulira ku Addis Ababa, Nairobi, Singapore ndi ku Belgium, sekondale n'kukamalizira ku Switzerland. Anasewera mpira pa University of North Carolina ku Chapel Hill, namaliza mu 1974. Ankaphunzira zamalamulo pamene kochi wake wakale, Marvin Allen, ankapuma ntchito, ndipo mu 1977 timu ya anyamata inagwera m'manja mwake ali ndi zaka 26. Mu 1979 yunivesite inakhazikitsa timu ya atsikana n'kumusenzetsanso. Za uloya zinathera panjira. Anayendetsa matimu onse awiri mpaka 1988, kenako anatsala ndi atsikana okha, ndipo anakhala nawo mpaka Ogasiti 2024. Ndi zaka 45 pa timu imodzi.

Zikho zake n'zovuta kuzikhulupirira. Mu 1981 anatenga chikho cha dziko lonse pansi pa bungwe la AIAW, lomwe panthawiyo linkayendetsa masewero a atsikana. NCAA itayambitsa mpikisano wake mu 1982, anautenga katatu motsatizana, analephera mu 1985, kenako anautenga zaka 9 zotsatizana kuchokera 1986 mpaka 1994. Zikho za NCAA zonse pamodzi zinakwana 21, chomaliza mu 2012. Pakati pa 1990 ndi 1994 timu yake inapambana masewero 92 motsatizana, osagonja, osafanana mphamvu ndi aliyense. Nthawi yomweyo, kuyambira 1986 mpaka 1994, analinso kochi wa timu ya dziko la America. Ndiye anaitana Mia Hamm ali ndi zaka 15, ndipo ndiye anatenga chikho choyamba cha dziko lonse lapansi cha amayi mu 1991 ku China, atagonjetsa Norway 2-1 m'ndime yomaliza ku Guangzhou. Kristine Lilly, April Heinrichs, Cindy Parlow amene pano ndi mtsogoleri wa bungwe la mpira ku America, Heather O'Reilly, Tobin Heath, Crystal Dunn, onsewa anadutsa m'manja mwake. Ngakhale a ku England, Lucy Bronze ndi Alessia Russo, anasewerako. Sarina Wiegman, mayi wa ku Netherlands amene watenga zikho za ku Ulaya ndi dziko lake komanso ndi England, anakhala ku Chapel Hill chaka chimodzi, mu 1989.

Mwina mukuganiza kuti anali ndi kaseweredwe kachinsinsi. Ayi, kaseweredwe kake aliyense ankakadziwa: atatu kumbuyo, anayi pakati, atatu kutsogolo, n'kumapanikiza mdani kuyambira pa golo lake lomwe osamupatsa mpata wopuma. Malamulo a makoleji ankamuthandiza, chifukwa amalola kusintha osewera ambiri kuposa malamulo a FIFA, ndipo wotuluka amatha kubwereranso m'chigawo chachiwiri. Iye ankati akutsogolo ake akathamanga mphindi 25 n'kuyamba wefuwefu, amawatulutsa onse n'kulowetsa ena atsopano, mdani akadali ndi anthu omwe aja otopa. Zoterezi zimatheka pokhapokha pa benchi pali anthu amene akanayamba masewero pa timu ina iliyonse. Mwaona kuti tabwereranso ku nkhani ya kusaka osewera.

Chimene chinali chake chenicheni chinali pa bwalo la zokonzekera. Pa yunivesite yomweyo panali kochi wotchuka wa basketball, Dean Smith, ndipo Dorrance ataonerako zokonzekera zake anaona kuti anyamata othandizira ankalemba chilichonse chochitika. Anatengera nzeru imeneyo. Taganizirani Lachiwiri masana. Atsikana agawidwa awiriawiri, mmodzi kulimbana ndi mnzake pa kabwalo kakang'ono. M'mbali mwaima munthu ndi pepala. Wapambana ndani, walemba. Kenako liwiro, walemba. Kumenya ndi mutu, kuwombera pa golo, timasewero ta anayi kulimbana ndi anayi, zonse zili ndi wopambana ndi wogonja, ndipo zonse zikulowa m'kaundula. Pakapita nthawi malikisi amaikidwa poyera, kuyambira woyamba mpaka wotsiriza. Wosewera akabwera ku ofesi kudzadandaula kuti sakupatsidwa mpata, kochi sakangana naye, amangotsegula kaundula.

Chifukwa chimene iye ankapereka ndi chimene ndikuganiza kuti inu muchizindikira. Ankati atsikana ambiri ankabwera ataleredwa moti kugonjetsa mnzawo wapamtima pamaso pa anthu ankakuona ngati kuononga ubwenzi. Wodziwa mpira ankadzichepetsa dala kuti anzake asamuone ngati wodzimva. Kaundula uja ankamuchotsera mlandu: si iye wafuna kunyazitsa mnzake, dongosolo ndilo likufuna kuti aliyense atulutse zonse. Ineyo njirayi ndimailemekeza, koma sindiimeza yonse. Imayenda bwino pamene muli ndi akatswiri 28 amene aliyense anali mfumukazi kwawo. Pa timu ya ana amene ena angoyamba mpira chaka chatha, kumata dzina la mwana pansi pa mndandanda sabata ndi sabata ndi njira yomuthamangitsira. Ndibwereranso pa mfundoyi kumapeto.

Tsopano chaka cha kochi. Osewera amafika kumayambiriro kwa Ogasiti, ndipo pamangokhala masabata awiri kapena atatu kuti timu ilumikizane. Kuchokera pakati pa Ogasiti mpaka kumayambiriro kwa Novembala amasewera masewero pafupifupi 20, kawirikawiri awiri pa sabata, Lachinayi ndi Lamlungu, ena atayenda ulendo wa pandege. Kenako mpikisano wa chigawo, kenako matimu 64 amalowa mumpikisano wa dziko lonse wa wagwa watuluka, womwe umathera kumayambiriro kwa Disembala. Basi, mpira watha. Miyezi ya Febuluwale mpaka Epulo kumangokhala zokonzekera ndi masewero ochepa apaubale. Ndipo ngakhale mkati mwa mpikisano, malamulo salola kochi kugwiritsa osewera ntchito ya mpira kupitirira maola 20 pa sabata, ndipo tsiku limodzi liyenera kukhala lopuma. Awa ndi ophunzira, ndipo amene malikisi ake a m'kalasi atsika saloledwa kusewera, kaya akhale womwetsa zigoli wodalirika. Kochi amalandira malipoti a m'kalasi, amadziwa amene wajomba, amadziwa amene mayeso amuvuta. Apa ndi pamene ntchito yawo ndi yanu zimakumana.

Miyezi yotsalayo imathera pa msewu. Atsikana aluso ku America samaonekera kwambiri ku mpira wa sekondale, amasewera m'makalabu olipiritsa, m'maligi monga ECNL ndi Girls Academy, omwe amakonza mipikisano ya masiku atatu yoonetsera osewera. Mukafika pamalo otere mumapeza mabwalo ambirimbiri ondandalikana, masewero akuchitika onse nthawi imodzi. M'mbali mwa bwalo lililonse mwakhala makochi pa timipando topinda, aliyense atavala jekete la mtundu wa sukulu yake kuti ana amuone kuti wabwera. Kholo limodzi likuyenda kugawa mapepala olembedwa nambala ya wosewera aliyense, chaka chimene amalize sekondale ndi malikisi ake. Kochi amaonera theka la masewero, n'kunyamula kampando kake kuthamangira bwalo lina. Wodziwa ntchito sayang'ana chigoli chokha. Amayang'ana zimene mtsikana amachita m'masekondi atatu atangolandidwa mpira, nkhope yake akamutulutsa, mmene amayankhulira ndi goloboyi wake atachinyitsa. Ndipo ku Division I saloledwa kuyamba kukambirana ndi mwanayo mpaka pa 15 Juni atamaliza chaka chachiwiri cha sekondale yawo ya zaka zinayi, tinene kuti atamaliza Fomu 2. Tsiku limenelo likakwana, foni ya mwana waluso siipuma.

Akamupeza, pamabwera masamu. Kwa zaka zambiri timu ya Division I inkaloledwa masikolashipu athunthu 14 okha, pamene osewera ali pafupifupi kuwirikiza kawiri. Kochi ankawagawa: uyu theka, uyu gawo limodzi mwa magawo anayi, uyu mabuku okha, ndipo banja lililonse linkafuna kumva kuti mwana wawo ndi wa mtengo wanji. Kuyambira 2025, khoti litavomereza mgwirizano pa mlandu wodziwika ndi dzina loti House, sukulu zimene zinalowa mumgwirizanowo zili ndi malire a osewera 28 pa timu, zikhoza kupereka sikolashipu kwa onse ngati thumba lilola, ndiponso zikhoza kulipira osewera mwachindunji. Thumbalo si sukulu zonse zili nalo. Onjezanipo makampu a ana a m'chilimwe chawo, omwe kwa makochi ambiri ndi kumene kumachokera ndalama yapadera, kupempha thandizo kwa ophunzira akale, ndi mapepala osatha otsimikizira kuti palibe lamulo lathyoledwa.

Nanga n'chifukwa chiyani Dorrance, atatenga zikho 21, anakhala zaka 11 zomaliza osatenganso? Sanaiwale mpira. Anzake anamupeza. Atsikana aluso anachuluka moti sukulu imodzi sikanatha kuwatenga onse. Paul Ratcliffe ku Stanford anatenga chikho mu 2011, 2017 ndi 2019. Mark Krikorian ku Florida State, ataona kuti ana abwino a ku America ambiri akulowera kwina, anakasaka kunja, ku Japan, Iceland, Ireland, Venezuela, nabweretsa kaseweredwe kosunga mpira pansi, ndipo anatenga zikho mu 2014, 2018 ndi 2021. North Carolina inafika m'ndime yomaliza mu 2018, 2019 ndi 2022, koma konseko inabwerako chimanjamanja. Ya 2022 inali yowawa zedi. Ankatsogola 2-0 patatsala mphindi pafupifupi 10. UCLA inabweza chimodzi, kenako pa kona, wotchi ya pabwalo ikuonetsa masekondi 16, inabweza chachiwiri, n'kupambana 3-2 m'nthawi yoonjezera. Ku makoleji wotchi imawerengera chotsika ndipo ikafika pa ziro mpira watha pomwepo, choncho masekondi 16 amenewo aliyense m'bwalomo ankawaona ndi maso.

Chinasinthanso kwambiri ndi mphamvu ya wosewera. Kale mtsikana akasankha sukulu, amakhala zaka zinayi, ndipo kochi amatha kumuuza kuti apirire pa benchi zaka ziwiri, nthawi yake idzakwana. Mu 2018 NCAA inatsegula kaundula wa pa intaneti momwe wosewera wofuna kusamuka amalembetsa dzina lake kuti sukulu zina zimuone, ndipo m'zaka zotsatira malamulo oti wosamuka ayambe wakhala chaka osasewera anachotsedwa. Kuyambira Julayi 2021 osewera amaloledwa kupeza ndalama kudzera m'dzina ndi nkhope yawo, monga kutsatsa malonda. Ena koleji akungoilambalala. Lindsey Horan anali ndi malo ku North Carolina komweko mu 2012, koma anasankha kukasaina ku Paris Saint-Germain, ndipo panthawiyo anthu anadabwa. Lero sizodabwitsanso: Alyssa Thompson anasiya malo ku Stanford mu 2023 n'kulowa mu NWSL, ligi imene Temwa akusewera. Mu 2024 ligiyo inathetsanso dongosolo loti matimu azisankhana osewera ochokera ku koleji, moti wosewera amakambirana yekha ndi timu imene akufuna. Choncho kochi wa lero, Disembala aliyense, amayambiranso kunyengerera osewera ake omwe. Mpikisano wa 2023 utatha, North Carolina inataya gulu lalikulu la osewera, ena kupita ku ukatswiri, ena ku sukulu zina. Dorrance anapuma ntchito patangotsala masiku ochepa kuti mpikisano wa 2024 uyambe. Womuthandiza wake, Damon Nahas, anagwirizira mpando, ndipo mu Disembala chaka chomwecho anatenga chikho atagonjetsa Wake Forest 1-0.

Ndakhalitsa pa Dorrance chifukwa mbiri yake ikuonetsa ntchito yonse, koma njira yake, yoti mnyamata wa zaka 26 apatsidwe timu ya yunivesite yaikulu popanda kudutsa pena paliponse, inatsekeka kalekale. Makwerero a masiku ano ali motere. Munthu amasewera pa koleji. Akamaliza digiri yoyamba, yomwe pafupifupi malo onse amaifuna, amapeza sukulu yomulola kuchita digiri yachiwiri kwinaku akuthandizira timu. Sukulu imamuchotsera fizi n'kumupatsa kangachepe kogulira chakudya. Ntchito yake ndi kunyamula mipira, kudula mavidiyo, kusungitsa mahotela. Kenako amakhala wothandizira wolembedwa ntchito, nthawi zambiri pa sukulu ina, m'dera lina. Akaonetsa kuti amatha kubweretsa osewera, dzina lake limayamba kumveka. Panjira amatenga malaisensi a bungwe la U.S. Soccer, kuchokera D, C, B mpaka A. Mpando woyamba wa kochi wamkulu amaupeza pa sukulu yaing'ono. Kusamuka ndi gawo la moyo umenewu, ndipo mabanja ambiri a makochi amadziwa bwino kumanga katundu. Malipiro amasiyana kutalitali: mkulu wa timu yotchuka amakhala bwino ndithu, pamene wothandizira pa koleji yaing'ono amadalira makampu ndi kuphunzitsa kalabu ya ana madzulo kuti alipire lendi. Kontirakiti imakhala ya zaka zochepa, ndipo timu ikamangogonja, saiwonjezera.

Inu monga mayi, zitsanzo zokuyenerani ndi izi. Becky Burleigh anayamba ali ndi zaka za m'ma 20 pa koleji yaing'ono ya Berry ku Georgia, natenga zikho za NAIA mu 1990 ndi 1993. University of Florida itafuna kuyambitsa timu inamutenga, timuyo inayamba kusewera mu 1995, ndipo mu 1998 inagonjetsa North Carolina yomweyo 1-0 m'ndime yomaliza. Iye anakhala mayi woyamba kutenga chikho cha Division I ngati kochi wamkulu. Jill Ellis, wobadwira ku England, anakhala wothandizira pa mayunivesite angapo, nakhala mkulu ku Illinois, kenako ku UCLA kwa zaka 12. Kumeneko anafika kangapo pafupi ndi chikho osachigwira, koma ndi yemweyo anadzatenga zikho ziwiri za dziko lonse lapansi ndi timu ya America, mu 2015 ndi 2019. Ndipo UCLA ija ya masekondi 16 inkatsogozedwa ndi Margueritte Aozasa, m'chaka chake choyamba cha ukulu, atakhala zaka zingapo akuthandizira ku Stanford. Komabe musaganize kuti ntchitoyi ili m'manja mwa amayi. Title IX isanabwere, matimu a atsikana pafupifupi onse ankaphunzitsidwa ndi amayi, chifukwa munalibe ndalama ndipo abambo sankazifuna. Ndalama zitalowa, abambo nawo analowa, ndipo kwa zaka zambiri amayi akhala akutsogolera matimu osafika theka.

Pali mbali ina imene sindingaidumphe. Kochi wa pa koleji ali ndi mphamvu yaikulu pa atsikana a zaka 18 mpaka 22: sikolashipu, mpata wosewera, kalata yowachitira umboni. Dorrance yemweyo anasumiridwa mu 1998 ndi osewera ake awiri akale, amene anadandaula za mayankhulidwe okhudza zachiwerewere ndi kufunsa za moyo wawo wachinsinsi. Iye anakana kuti anazunza aliyense, koma nkhanizo zinatha mokambirana, ina mu 2004, ina mu 2008, yunivesite italipira ndalama ndipo iye atapepesa chifukwa chotenga nawo mbali m'nthabwala zosayenera. Mu 2019 kunaphulikanso nkhani ya ziphuphu zolowetsera ana a anthu olemera ku mayunivesite otchuka, ndipo Rudy Meredith, amene anali kochi wa atsikana ku Yale kwa zaka zoposa 20, anavomera kuti analandira madola 400,000 kuti alembe mwana wina ngati wosewera pamene analibe luso lofika pamenepo. Kochi ali ndi malo ochepa amene akangolozapo dzina, ofesi yolemba ophunzira imamvera, ndipo malo amenewo ndi amene anagulitsa. Masiku ano mayunivesite amafunsa osewera okha, mwachinsinsi, za khalidwe la kochi wawo, ndipo alipo amene achotsedwa ntchito timu ikupambana.

Tifike pa inu. Khomo lilipo, koma ndi lopapatiza, ndipo ndi lija la digiri yachiwiri. Mukhale ndi digiri yoyamba, mukhale ndi laisensi ya CAF yomwe maphunziro ake amadzera ku FAM, ndipo mufune sukulu yokhala ndi maphunziro a kayendetsedwe ka masewero kapena sayansi ya zolimbitsa thupi imene ikusaka wothandizira timu. Mudzalimbirana malowo ndi atsikana amene angomaliza kusewera mu ligi yomweyo, odziwa malamulo ake komanso odziwika kwa makochi. Mwayi umakhalako kwambiri ku Division II, Division III ndi NAIA kuposa ku mayina akuluakulu aja. Viza ya ku America si yapafupi kwa Mmalawi, ndipo mukamaliza sukulu pamafunikanso chilolezo china kuti mulembedwe ntchito. Ndikanama ndikati ndi njira imene ndingalangize munthu wa ntchito yake kale ndi banja kuti ataye zonse aitsate.

Onaninso kuti akatswiri a kuno kwathu amene mukuwaonera sanadzere ku koleji. Temwa anadzera ku Kvarnsveden ku Sweden ndi ku Wuhan ku China asanafike ku Kansas City Current, komwe mu 2024 anamwetsa zigoli 20 mu ligi natchedwa wosewera wopambana onse. Mkulu wake Tabitha naye anadzera ku Sweden ndi ku China. Barbra Banda wa ku Zambia anadzera ku Spain ndi ku Shanghai. Koma njira ya koleji kwa mtsikana wa mu Africa ilipo: Jermaine Seoposenwe wa Banyana Banyana anasewera pa Samford University ku Alabama. Kochi wa ku America amene alibe mphamvu yolimbirana ana a ECNL ndi Stanford amayang'ana kunja, monga anachitira Krikorian, ndipo amafuna munthu wokhulupirika woti amuuze zoona za mwana amene sanamuonepo. Mphunzitsi wa sekondale wodziwa mpira wa mwana komanso malikisi ake ali pamalo abwino kuposa wina aliyense wodzitcha ejenti. Ngati muli ndi mtsikana wotere, sungani malipoti ake a sukulu kuyambira Fomu 1, chifukwa ofesi ya NCAA yoona za kuyenera kwa osewera imafuna zaka zonse zinayi, osati satifiketi ya MSCE yokha. Mujambuleni masewero athunthu, foni itaikidwa pamalo okwera, osati tizidutswa ta zigoli tokha. Ndipo asasaine pepala lililonse la kalabu kapena la ejenti musanaliwerenge, chifukwa kontirakiti ya ukatswiri ikhoza kumutsekera khomo la koleji.

Za kaundula uja, yesani ndi kope la masamba 40. Sankhani zinthu zinayi: mmodzi kulimbana ndi mnzake, liwiro la mamita 30, kupatsira ndi mwendo wofooka, ndi kubwera ku zokonzekera pa nthawi yake. Mtsikana wovulala kapena amene sakusewera tsikulo ndiye azilemba. Musamate mndandanda pakhoma. Pakutha pa mwezi muitane aliyense payekha, khomo lili chitsegulire, mumuonetse pamene anali mwezi watha ndi pamene ali tsopano, ndipo poyera muzitchula atatu apamwamba okha pamodzi ndi amene wakwera kwambiri. Mukadzafuna malo pa maphunziro a laisensi, kapena kochi wakunja akadzafunsa za mwana wanu, kope limenelo mudzalitenge.